Mlandu Sugamulidwa Mwini Wace Asanamveke

M'midzi yambiri muli mwana amene mudzi wonse umamdziwa, koma palibe amene anamvapo za kumtima kwace. Thupi lace ndi langwiro, maso ace aona, makutu ace amamva ngakhale njinga yamoto imene ikali kutali, koma akaitanidwa ndi dzina lace saceuka. Sakonda kupenya munthu m'maso. Anzace akamasewera phada pabwalo, iye amakhala payekha nandandalika zitsononkho pa mzere umodzi, ndipo wina akasuntha cimodzi, mwanayo amalira ngati walumidwa ndi njoka. Cigayo cikayamba kulira amatseka makutu ndi manja onse awiri. Ena mwa ana otere salankhula konse, ena amangobwereza mau amene auzidwa, ndipo ena amalankhula bwino lomwe koma kuzolowerana ndi anthu kumawavuta.

Acipatala amacha cibadwa cimeneci otizimu. Si matenda opatsirana ndiponso si misala. Ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri, kamene munthu amakhala nako moyo wace wonse, ndipo kawirikawiri makolo amayamba kuona zizindikiro zace mwana asanakwanitse zaka zitatu. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore m'dziko la America ndiye analemba za ana 11 otere m'caka ca 1943. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena m'caka ca 2023 kuti pa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi otizimu. Ngati zili tero, palibe dera la mfumu iriyonse limene lilibe ana amenewa.

Za ana awa anthu amanena zambiri. Ena amati analodzedwa. Ena amati atate ace anamkhwimira kuti malonda ayende. Ena amati amai ace anacita cosayenera ali ndi pakati. Ng'anga yanena zace, a ku chalichi anena zao, acipatala nawonso anena zao. Amene sanafunsidwe ndi mwini nkhani yekha. Komatu pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa mwini wace asanamveke.

M'maiko osiyanasiyana mwajambulidwa akanema amene sali masewero ai, koma oonetsa moyo weniweni wa anthu a otizimu. Akanemawa sali ofanana. Ena amalankhula za anthuwa monga mmene anthu amanenera munthu amene wacokapo, pamene ena amawapatsa mpata woti aonetse okha mmene dziko limaonekera ndi kumvekera kwa iwo. Akanema a mtundu waciwiriwu ndiwo ayenera kumasuliridwa m'Cinyanja ndi kufikitsidwa ku midzi, pakuti mudzi umene wamva mwini nkhani sungamuonenso mwanayo monga unali kumuonera kale.

MLANDU UNAYAMBA KUGWERA AMAI

Munthu asaganize kuti kuloza cala makolo ndi khalidwe la kumidzi kokha. Ku America, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, madokotala ophunzira kwambiri anali kuuza azimai kuti ana ao anatero cifukwa iwo anali a mtima wozizira, osadziwa kukonda mwana. Bruno Bettelheim wa ku Chicago ndiye anawanditsa ciphunzitso cimeneci koposa onse. Kanema wochedwa Refrigerator Mothers, amene anaonetsedwa m'caka ca 2002, anapatsa ena mwa azimai amenewo mpata wosimba zimene zinawagwera. Anali atakalamba, ena akali kusamalira ana ao amene tsopano anali akuluakulu, ndipo anasimba mmene anasenzera mlandu wa cinthu cimene sanacite. Kumudzi amati anamkhwimira, ku Chicago anali kuti sanamkonde. Mau ndi osiyana koma bala lace ndi limodzi.

Ciphunzitsoco cinagwa pamene akatswiri anayamba kufufuza bwino. M'caka ca 1977 Susan Folstein ndi Michael Rutter ku London anayang'ana mapasa a m'mabanja 21, napeza kuti mapasa ofanana kotheratu ndiwo kawirikawiri amakhala ndi otizimu onse awiri. Kafukufuku wa pambuyo pace watsimikiza kuti gawo lalikulu la cibadwa cimeneci limacokera ku zimene mwana amatengera kwa makolo. Izi zikhoza kucokera kucimuna kapena kucikazi, ndipo palibe kholo limene limasankha kapena kucititsa zimenezi.

Koma ngakhale makolo atamasulidwa ku mlandu, akanema ambiri anapitirirabe kulankhula pamutu pa mwana. M'caka ca 2006 bungwe la ku America la Autism Speaks linatulutsa kanema wochedwa Autism Every Day, woonetsa kutopa ndi misozi ya makolo. Mai wina anasimba kuti tsiku lina anaganiza zodzigwetsa pa mlatho ndi galimoto pamodzi ndi mwana wace, ndipo pamene anali kunena zimenezi mwanayo anali pomwepo. Kutopa kwa makolo ndi kweniweni ndipo palibe ayenera kukupeputsa. Koma akuluakulu ambiri a otizimu anadandaula kwambiri ndi kanemayo, popeza anaonetsa ana ngati katundu wolemera amene samva zonenedwa. Mwana wosalankhula ali nao makutu, ndipo zonenedwa pamaso pace zimamlowa.

PAMENE ENI ACE ANAYAMBA KUMVEKA

Mlimi aliyense woweta ng'ombe adziwa vuto la tsiku la dipi: ng'ombe imafika pa mpita niima, ndipo ngakhale ikwapulidwe motani siyenda. Amene anamasulira cinsinsi cimeneci ndi Temple Grandin, mai wa otizimu wa ku America amene anabadwa m'caka ca 1947. Iye sanalankhule mpaka atapitirira zaka zitatu, koma amai ace anamfunira aphunzitsi ndipo sanaleke kumphunzitsa. M'zaka za m'ma 1970, ku Arizona, Grandin anali kulowa yekha m'mipita ya ng'ombe nawerama kuti aone zimene ng'ombe imaona. Anapeza kuti zoimitsa ng'ombe ndi tinthu tating'ono timene abusa sationa: mthunzi wopingasa pa njira, unyolo wolendewera, kunyezimira kwa madzi, jekete losiyidwa pa mpanda. Timeneti tikacotsedwa, ng'ombe zimayenda popanda ndodo. Mipita yokhota imene iye anakonza inafala m'malo ambiri osungira ndi ophera ng'ombe ku America ndi maiko ena, ndipo iye anakhala mphunzitsi wamkulu wa za ziweto pa Colorado State University.

M'caka ca 2006 wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa moyo wace m'kanema wochedwa The Woman Who Thinks Like a Cow, kutanthauza mai woganiza monga ng'ombe. Grandin wakhala akufotokoza kuti amaganiza m'zithunzi osati m'mau, ndiponso kuti ali mwana phokoso lina, monga la belu la ku sukulu, linali kumpweteka m'makutu monga bala. Kholo limene lamva zimenezi lidzazindikira kuti mwana wotseka makutu ku cigayo sacita dala ndiponso sali wamwano. Ngati mbusa angaphunzire kufunsa cimene caopsa ng'ombe m'malo moikwapula, kuli bwanji kholo ndi mwana wa munthu?

Grandin amalankhula. Nanga osalankhula? M'caka ca 2007 Mel Baggs, wa ku America komweko, amene anamwalira m'caka ca 2020, anajambula yekha kanema wa mphindi zoposa zisanu ndi zitatu, wochedwa In My Language, namuika pa YouTube. Gawo loyamba mulibe mau alionse: muli kung'ung'udza, kugwedeza manja, kukhudza zinthu za m'nyumba, kupaka nkhope pa buku. Munthu woona angaganize kuti ndi zopanda pace. Koma m'gawo laciwiri makina amawerenga zimene iye analemba, ndipo amafotokoza kuti zonsezo ndiyo njira yace yocezera ndi zomzungulira, ndico cinenero cace cobadwa naco. Anadabwanso kuti iye akalephera cinenero ca anthu ambiri amamucha wopereweredwa, koma anthu ambiriwo akalephera cace palibe amaona vuto. Aliyense amene ananyozedwapo m'ofesi cifukwa cosadziwa Cingerezi adzamvetsa madandaulo amenewa.

Kanema wa Life, Animated, wa m'caka ca 2016, wojambulidwa ndi Roger Ross Williams, amasimba za Owen Suskind amene analeka kulankhula ali ndi zaka zitatu. Cinthu cimene anali kukonda ndico kuonera akanema a zidole a Disney mobwerezabwereza, mpaka analoweza mau ace onse. Tsiku lina atate ace anatenga cidole ca mbalame ya m'kanema wina, nalankhula ndi mau a mbalameyo, namfunsa mwanayo za moyo wace. Owen anayankha kuti sanali wokondwa cifukwa analibe abwenzi. Kuyambira pamenepo banja lonse linayamba kuceza naye kupyolera m'nkhani zimene iye anali kukonda, ndipo kanemayo amamuonetsa ali ndi zaka 23, akusamuka pa makolo kukakhala m'nyumba yaceyace. Phunziro lace si la zidole za ku America ai. Phunziro ndi lakuti cimene mwana wotere amakonda mopitirira, kaya ndi nyimbo imodzi, kaya ndi mawilo a njinga, kaya ndi nkhuku, cikhoza kukhala khomo lolowera kwa iye, ndipo kholo lomlanda cinthuco likhoza kukhala likudzitsekera lokha khomolo.

ZA KU SIERRA LEONE SI ZACILENDO

Wina anganene kuti zonsezi ndi za azungu olemera. Yankho lace lili m'kanema wochedwa The Reason I Jump, kutanthauza cifukwa cimene ndimalumphira, amene Jerry Rothwell anatulutsa m'caka ca 2020. Dzinali linatengedwa ku buku la mnyamata wa ku Japan, Naoki Higashida, limene linasindikizidwa kwao m'caka ca 2007 ndi kumasuliridwa m'Cingerezi mu 2013. Kanemayu amatsata acinyamata asanu a otizimu ku India, ku Britain, ku America ndi ku Sierra Leone. Wojambulayo anayesetsa kuti woonera aone ndi kumva monga iwo: kanthu kakang'ono kamayamba kuoneka cinthu conse cisanadziwike, ndipo phokoso losamveka kwa ena limakula mpaka kudzaza m'mutu. Ku India muli mtsikana wosalankhula amene amajambula pa pepala zimene waona tsiku limenelo, ndipo zithunzi zace zinafika poonetsedwa kwa anthu.

Gawo la ku Sierra Leone ndilo lingakhudze kwambiri owerenga a kumidzi. Limaonetsa mtsikana wochedwa Jestina ndi makolo ace, pamodzi ndi makolo ena amene amasimba mmene anansi amachulira ana ao kuti ziwanda kapena mfiti, ndi mmene ena amalangizidwira kuwataya. Makolo a Jestina sanabise mwana wao. Anayamba kulankhula poyera, nasonkhanitsa mabanja ena, mpaka anatsegula sukulu ya ana otere ku Freetown. Mai wa ku Katete, ku Petauke kapena ku Chadiza amene wakhala akutsekera mwana wace m'nyumba poopa pakamwa pa anthu, akaona gawo limeneli sadzafuna womasulira wambiri. Adzaona mai mnzace wa mu Africa amene anamva mau omwewo koma anaturuka ndi mwana wace masana.

SI KANEMA ALIYENSE AMANENA ZOONA

Pali zinthu zitatu zofuna kucenjera nazo. Coyamba ndi ca njira zolembera. Acinyamata ena a m'akanema otere amaoneka akuloza zilembo pa bolodi logwiridwa ndi wowathandiza, kapena akulemba wina atawagwira dzanja. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anayesa njira yogwira dzanjayo: mwana anali kuonetsedwa cithunzi cina ndipo womthandiza cithunzi cina, koma zolembedwa zinali kutsata cithunzi cimene anaona womthandiza. Kanema wa m'caka ca 1993 wochedwa Prisoners of Silence anaonetsa zimenezi poyera. Othandizawo sanali kunama mwadala. Anali kutsogolera dzanja osazindikira. Ndico cifukwa cace akatswiri ambiri amakaika njira iriyonse imene munthu wina amakhala pakati, ndipo buku la Higashida nalonso ena alikaika pa cifukwa comweco. Anthu ena osalankhula amalemba okha popanda wowakhudza, ndipo awo palibe cowakaikira. Koma kumva mwini nkhani sikufanana ndi kumuika mau m'kamwa, ngakhale womuika mauyo akhale womkonda.

Caciwiri, ojambula amakonda nkhani za aluso. Si mwana aliyense wa otizimu adzakhala monga Grandin. Ambiri adzafuna wowasamalira mpaka kukula, ena ali ndi khunyu limene limafuna mankhwala a ku cipatala, ndipo palibe mankhwala, a cizungu kapena a cikuda, amene amacotsa otizimu. Cimene cimathandiza ndi kuphunzitsa mwana msanga ndi moleza mtima, kugwiritsa nchito manja ndi zithunzi pamene mau akusowa, ndi kusunga ndondomeko imodzi ya tsiku ndi tsiku. Mwana safunika kukhala ndi luso lodabwitsa kuti ayenerere ulemu.

Cacitatu, pali akanema osoceretsa. Wochedwa Vaxxed, wa m'caka ca 2016, amanena kuti katemera wa cikuku amayambitsa otizimu. Anamtsogolera ndi Andrew Wakefield, amene analandidwa cilolezo ca udokotala ku Britain m'caka ca 2010, caka comwe magazini ya The Lancet inacotsa zimene iye analemba mu 1998. Kafukufuku wa ana oposa 650,000 ku Denmark, wofalitsidwa mu 2019, sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemerayo ndi otizimu. Mai aliyense apitirize kupita ndi mwana ku sikelo, pakuti cikuku cimapha.

MUDZI UMENE UNASUNGA MWANA WACE

Pa ana 11 aja a Dokotala Kanner, woyamba kulembedwa anali Donald Triplett wa m'tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi. Ali wamng'ono anatumizidwa ku malo osungirako ana, koma patapita pafupifupi caka makolo ace anakamtenga. Kanema wochedwa In a Different Key, amene anaonetsedwa pa wailesi ya kanema ku America mu 2022, amaonetsa mmene anthu a m'tauniyo anamlandirira monga wao. Anaphunzira, anayendetsa galimoto, anagwira nchito pa banki kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira m'caka ca 2023 ali ndi zaka 89. Ndi zoona kuti banja lace linali lopata. Koma cimene cinamsunga makolo ace atamwalira ndi anansi amene anazolowera macitidwe ace namteteza. Cuma cimeneco mudzi wa ku Zambia uli naco kale, pakuti akuluakulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

COFUNIKA KUCITA

Ena adzati anthu akusowa feteleza ndi mankhwala, za akanema zibwere pambuyo. Koma kanema safuna cuma cambiri, ndipo njira yace ndi yodziwika kale. Acikulire akumbukira magalimoto a kanema a Zambia Information Services, nthambi imene nchito yace tsopano ili m'manja mwa ZANIS, amene anali kufika pa bwalo la sukulu madzulo ndi kuonetsa za ulimi ndi za ukhondo, mudzi wonse utakhala pansi. Njira imene inaphunzitsa anthu kubzala m'mizere ikhoza kuwaphunzitsanso kumvetsa mwana wosalankhula. ZANIS ndi ZNBC zingapemphe cilolezo kwa eni akanemawa ndi kuwaika mau a Cinyanja olankhulidwa, popeza zolembedwa pansi pa cithunzi sizithandiza agogo osawerenga, amene kawirikawiri ndiwo amatsala ndi anawa makolo akapita kumunda. Mawailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata angaitane makolo ndi anamwino kudzakambirana zimene zaonetsedwa. Tsiku la 2 April, limene bungwe la United Nations linapatula m'caka ca 2007 kuti likhale lokumbukira za otizimu, ndi tsiku loyenera kuyambira.

Koposa apo, pafunika kanema wojambulidwa m'dziko muno, m'mudzi wa kuno, m'cinenero ca kuno. Wojambulayo asabwere kudzafuna mwana womangidwa pa mtengo kuti anthu a m'tauni agwidwe cifundo, ndipo acinyamata okhala ndi mafoni asajambule mwana wa mwini akulira kuti aseketse anzao pa Facebook. Apemphe cilolezo kwa banja, ndiponso kwa mwini wace monga mmene angathere kuvomera kapena kukana. Akhale naye masiku ambiri, aone cimene cimamkondweretsa, cimene cimamuopsa, ndi mmene amapemphera madzi popanda mau. Acinyamata ndi akuluakulu a otizimu amene amatha kulankhula kapena kulemba akhale m'gulu lokonza kanemayo, osati ongoonetsedwa.

Lamulo la anthu olumala la m'caka ca 2012 limaletsa tsankho ndipo limateteza ufulu wao wa maphunziro, ndipo maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 m'masukulu a Boma ndi a mwana aliyense. Koma lamulo silingaturutse mwana amene banja lamtsekera cifukwa ca manyazi. Womturutsa ndi nyakwawa amene adzaletsa mau onyoza m'mudzi mwace, mphunzitsi amene adzamlola kukhala kutali ndi belu, ndi mnansi amene adzauza ana ace kuti asamponye miyala. Anthu amenewa amasintha akaona ndi maso ao kuti m'kati mwa mwana wosaceukayo muli munthu amene amamva, amaopa ndiponso amakonda.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kwa zaka zambiri mlandu wa ana awa wakhala ukukambidwa eni ace atakhala pambali. Akanema abwino aonetsa kuti eni acewo ali ndi zonena, ena ndi pakamwa, ena ndi cithunzi, ena ndi manja. Bwalo lidekhe, liwamve.